Chisoti cha Stormtrooper: Mbiri ya Amisiri Olumikiza ndi Kupenta Pulasitiki ku London

Chisoti choyera cha asilikali a mufilimu ya Star Wars, omwe amatchedwa Stormtrooper, nthawi zambiri sichifika kwa mwini wake chili chathunthu. Amene akufuna chofanana ndendende ndi cha mufilimu amaitanitsa katoni ya zidutswa: nkhope, chophimba mutu ndi nkhongo, makutu awiri, kagalasi kobiriwira ka m'maso, mphira wa pachipumi ndi wa m'khosi, kasefa kakuda ndi kathumba ka masikuluu. Kudula, kulumikiza ndi kupenta ndi kwa wogulayo. Ntchito imeneyi inakula mpaka kukhala ndi amisiri ake, malamulo ake ndi milandu yake, ndipo mizu yake ili mumzinda wa London. Chisoticho chinapangidwa koyamba kumadzulo kwa mzindawu mu 1976, mlandu wake unagamulidwa ku Westminster mu 2011, ndipo masiku ano ochivala amasonkhana kum'mawa, pa holo ya ExCeL, makilomita ochepa kuchokera ku Barking.

Barking, yomwe lero ili ndi malo ojambuliramo, sinayambe ngati tawuni ya mafilimu. Inali doko la asodzi m'chigawo cha Essex, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Roding umathira mu Thames, ndipo cha m'ma 1850 inali ndi ngalawa zophera nsomba zoposa 200, zambiri mwa izo za banja la Hewett. Ngalawazo zitasamukira ku Great Yarmouth ndi Gorleston m'zaka za m'ma 1860, m'mbali mwa mtsinje munatsala mafakitale, ndipo anachulukirachulukira: ya feteleza ya Lawes, ya ndege ya Handley Page mu 1909, ya asbestos ya kampani ya Cape mu 1913, kenako ya galimoto ya Ford ku Dagenham mu 1931. Tawuniyi inalowa mu Greater London mu 1965. Kum'mawa konse kwa London kunali kwa utsi, mankhwala ndi zitsulo, ndipo malonda a pulasitiki anayambira komweko. Alexander Parkes, yemwe anaonetsa pulasitiki wake wotchedwa Parkesine pa chionetsero cha mu 1862, anamanga fakitale ku Hackney Wick mu 1866. Bizinesiyo inagwa msanga, koma ntchito yake inapitirizidwa ndi Daniel Spill ndi kampani ya British Xylonite.

Chizolowezi chogula chinthu chili zidutswazidutswa n'kukachimanga kunyumba nachonso ndi cha ku London. Mu 1936 fakitale ina ku Merton inayamba kugulitsa tindege tapulasitiki tolumikiza wekha, totchedwa Frog Penguin. Kampani ya Airfix, yomwe Nicholas Kove anayambitsa mu 1939, inatulutsa kasitima ka Golden Hind mu 1952 ndi kandege ka Spitfire mu 1953, ndipo timatumba take tinkagulidwa mashilingi awiri m'masitolo a Woolworths. Penti wake anali wa Humbrol wa ku Hull, wa m'tizitini ting'onoting'ono tokhala ndi manambala. Ana a ku Britain a zaka zimenezo anakula akudziwa kudula ndi kampeni, kupala, kumata ndi kudikira kuti penti aume. Anthu omwewo atakula, kulumikiza chisoti sikunali kwachilendo kwa iwo. Chinasintha ndi kukula kwa chinthucho basi, komanso kuti tsopano womanga ankalowetsamo mutu wake.

George Lucas anasankha kujambulira filimu yake ku Elstree, m'tawuni ya Borehamwood kumpoto kwa London. Maonekedwe a asilikali oyerawo anayamba pa zithunzi za Ralph McQuarrie, ndipo woyang'anira zovala anali John Mollo, yemwe pambuyo pake analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha ntchitoyi. Za amene anaumba chisoti choyamba cha dongo, nkhani zake n'ziwiri. Makhoti a ku England analemba kuti anali Nick Pemberton, mmisiri wa zipangizo za m'masewero, ndipo kuti anachikonza kangapo mpaka Lucas atakhutira. Brian Muir, yemwe anaumba chigoba cha Darth Vader ndi zovala zankhondo za asilikaliwo, wakhala akunena kuti chinali cha Liz Moore, woumba nkhope ya C-3PO, yemwe anamwalira pangozi ya galimoto mu 1976 filimu isanatuluke. Pamene palibe mkangano ndi pa munthu amene anasandutsa dongolo kukhala pulasitiki: Andrew Ainsworth, wa kampani ya Shepperton Design Studios ku Twickenham, yemwe ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali kupanga timabwato ndi timadamu ta nsomba ta pulasitiki.

Njira yomwe anagwiritsa ntchito ndi imene opanga zidutswa ambiri akutsatabe lero. Pepala lochindikala la pulasitiki limamangidwa pa felemu n'kutenthedwa mpaka litafewa. Kenako limatsitsidwa pamwamba pa chikombole, makina n'kukoka mpweya wonse pansi pake, moti pulasitikiyo amakakamira chikombolecho n'kutenga maonekedwe ake. Akazizira amachotsedwa. Njirayi ndi yachangu komanso yotsika mtengo, koma ili ndi malire awiri. Chikombole sichingakhale ndi malo olowa kunsi kwambiri, apo ayi chidutswacho sichivuka. Ichi n'chifukwa chake chisoti sichituluka chonse nthawi imodzi, koma nkhope payokha ndi kumbuyo pakokha. Chachiwiri, pulasitiki amatanuka mosafanana, amachepa mphamvu pomwe wakokedwa kwambiri, ndipo ngodya zakuthwa zimatuluka zobulungira. Makutu a Stormtrooper, omwe ambiri amangowaona ngati chokongoletsa, ntchito yawo yaikulu ndi kubisa msoko pomwe zidutswa ziwirizo zakumana.

Nthawi inali yochepa, chifukwa kujambula kunkayamba ku Tunisia mu Marichi 1976. Ainsworth anapanga zisoti 50 ndi pulasitiki wa mtundu wa HDPE, wobiriwira ngati khaki, yemwe anali naye kale pamalo. Zinapoperedwa penti woyera. Vuto ndi loti HDPE ndi woterera ndipo penti samugwira bwino, choncho zisotizo zinayamba kusupuka zikadali pantchito. Izi ndi zomwe zimatchedwa stunt, za asilikali a m'gulu. Zina zisanu ndi chimodzi, zotchedwa hero, zinapangidwa ndi ABS woyera kale, kuti zivalidwe ndi Mark Hamill ndi Harrison Ford komanso zionekere pafupi ndi kamera. Zokongoletsa zinalembedwa ndi burashi pamanja, ndipo tizinthu tiwiri takuda ta m'munsi mwa chibwano, tooneka ngati zolankhulira, tinali tizipangizo ta kumipopi ya madzi. Chisoticho sichinali chofanana mbali zonse: diso lina n'losiyana ndi linzake, tsaya lina n'lotsika. Ovala sankaona bwino, ndipo msilikali wina amaoneka mufilimu akugunda mutu pachitseko. Palibe amene ankaganiza kuti wina adzakhala pansi kuwerenga mano a chisoti. Zinali zida zogwirira ntchito kwa miyezi ingapo.

Filimuyo inatuluka ku America pa 25 Meyi 1977, ndipo ku Britain kumapeto kwa Disembala chaka chomwecho. Kampani ya Don Post Studios ku California inalandira chilolezo chogulitsa zigoba zake, koma zinali za masewera, zosiyana kukula ndi maonekedwe ndi za mufilimu. Kuvala ngati anthu a m'nkhani za sayansi kunali kutayamba kale: Forrest J Ackerman ndi Myrtle Douglas anachita zimenezi pa msonkhano woyamba wa Worldcon ku New York mu 1939. Chomwe chinasowa kwa zaka pafupifupi 20 ndi chisoti cholondola. Okonda filimuyo ankaimitsa tepi ya vidiyo n'kumayerekeza miyeso, ena n'kumadziumbira zikombole m'magalaja. M'zaka za m'ma 1990 intaneti inawalumikiza, ndipo zidutswa zinayamba kuyenda pa positi kuchoka kwa munthu wina kupita kwa mnzake, mwakachetechete, popeza zinalibe chilolezo cha Lucasfilm, kampani ya Lucas.

Mu 1997 Albin Johnson ndi Tom Crews a ku South Carolina anayambitsa gulu la 501st Legion, la anthu ovala ngati adani a mu Star Wars. Nthambi yake ya ku Britain, UK Garrison, inayamba mu 2000. Gululi limapita kuzipatala za ana ndi kumisonkhano yosonkhetsa ndalama zachifundo, ndipo sililipitsa kuti mamembala apindule. Lucasfilm inaona kuti anthuwa ndi othandiza kuposa kuwathamangitsa: wolemba mabuku Timothy Zahn anaika dzina la gululi m'buku lake mu 2004, dzinalo linalumikizidwa ndi filimu ya mu 2005, mamembala pafupifupi 200 anaguba ndi Lucas pa Rose Parade ku Pasadena mu 2007, ndipo ena anaitanidwa ndi zovala zawo kukadzaza gulu la asilikali m'sewero la The Mandalorian la mu 2019.

Gululi ndi limene linasandutsa chisoti chopangidwa mothamanga kukhala muyeso. Kuti munthu alandiridwe, ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo amatumiza zithunzi za chovala chake kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali kuti ziyerekezedwe ndi mndandanda wolembedwa wa chovala chimenecho. Chisoti cha stunt chimabooledwa mano anayi mbali iliyonse ya kamwa, cha hero atatu. Cha stunt chili ndi kagalasi kafulati kobiriwira, cha hero kotukuka. Kamwa ya chisoti cha mufilimu ya mu 1977 ndi yotuwa, ya mu The Empire Strikes Back ya mu 1980 ndi yakuda. Kupindika kwa nkhope, komwe mmisiri wina aliyense akanakuwongola, kuno ndi chizindikiro cha mtundu wabwino. Amisiri amafunsa mzere wa chikombole: kodi chinatengedwa pa chisoti chomwe chinaonekadi mufilimu, kapena pa kope la kope? Nthawi iliyonse chidutswa chikaumbidwa pa chinzake, chimachepa pang'ono ndipo mizere imafota. Wotenga ntchito ya mmisiri mnzake n'kuumbirapo zake zogulitsa amasalidwa kwambiri, ngakhale kuti onsewo akutengera chinthu cha kampani yomwe sinawapatse chilolezo. Pamenepa chilungamo cha gululi chili ndi mbali yosamveka bwino, koma ndi mmene chakhalira.

Mmalawi amene anaonapo zigoba zoposa 400 za Gule Wamkulu m'nyumba ya Chamare pa Kungoni Centre ku Mua, malo omwe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 momwemo, angaone msanga kusiyana kwa ntchito ziwirizi. Gule ndi mwambo wa mizimu, chisoti ndi cha zosangalatsa ndi malonda, ndipo kulemera kwake sikufanana. Koma pa luso lokha, wosema chigoba ali ndi ufulu: Chadzunda wa dera lina safanana ndendende ndi wa dera lina, ndipo zilombo zatsopano zimabadwa nthawi zikamasintha. Wolumikiza chisoti alibe ufulu umenewo. Luso lake limayesedwa ndi mmene wadzibisira, kuti anthu 100 akaima pamzere aoneke ngati atuluka m'chikombole chimodzi.

Mlandu waukulu unayamba mu 2004, pamene Ainsworth anayamba kugulitsa zisoti pa intaneti, akunena kuti zikuchokera pa zipangizo zake zoyambirira. Katundu yemwe anagulitsa ku America anali wa ndalama zapakati pa madola 8,000 ndi 30,000, koma khoti la ku California, komwe iye sanakadziteteze, linamulamula kulipira madola 20 miliyoni. Popeza analibe katundu ku America, Lucasfilm inabweretsa nkhaniyo ku London. Woweruza Mann anagamula mu Julayi 2008, khoti la apilo mu Disembala 2009, ndipo khoti lalikulu kwambiri la dzikolo, Supreme Court, pa 27 Julayi 2011. Funso linali lakuti: kodi chisoti ndi chosema cha luso, kapena ndi chida? Chikanakhala chosema, lamulo likanachiteteza moyo wonse wa mwini luso ndi zaka 70 pambuyo pake. Chikakhala chida chopangidwa chambiri, chitetezo chake chinali cha zaka 15 zokha, zomwe zinali zitatha kalekale. Oweruza anati ntchito ya luso ndi filimuyo, ndipo chisoti chinali chimodzi mwa zida zoipangira. Ainsworth anapitiriza kugulitsa ku Britain. Sanapambane zonse: makhoti sanavomereze kuti maonekedwe a chisoticho anali ake, ndipo Supreme Court inati milandu yophwanya malamulo a ku America a umwini wa luso ikhoza kumvedwa ku England. Gawo 52 la lamulo la mu 1988, limodzi mwa magawo omwe anamuteteza, linachotsedwa mu 2016. Chigamulocho n'chomveka poganizira mmene zisotizo zinapangidwira mu 1976, koma sichinaletse msika kuziona mwina: mu 2019 chisoti cha Darth Vader cha mufilimu ya mu 1980 chinagulidwa pa okushoni ndi madola pafupifupi 900,000.

Ntchito yolumikiza yokha sinasinthe kwenikweni. Zidutswa za lero nthawi zambiri ndi za ABS wochindikala mamilimita 1.5 kapena 2, ndipo zimabwera ndi pulasitiki wotsalira m'mphepete. Mmisiri amalemba mzere ndi pensulo, amadula ndi sizasi yokhota kapena kukanda ndi mpeni wakuthwa n'kuthyola, ndipo amasiya malo pang'ono, chifukwa chodulidwa sichibwerera. Maso amabooledwa n'kusalazidwa ndi tupa ndi sandipepa, mano chimodzimodzi. Nkhope ndi chakumbuyo zimagwiritsidwa kaye ndi timaginito kapena zopanira, mphira wa pachipumi ali pamalo ake, kuti aone ngati chipumi chatsika kapena chakwera. Kusiyana kwa mamilimita ochepa kumasintha nkhope yonse, kuchoka pa yaukali kupita pa yodabwa. Akakhutira amaboola n'kumanga ndi mariveti.

Makutu ndiwo amatha mtima. Khutu lililonse liyenera kutsata kukhota kwa zidutswa ziwiri zosalingana, ndipo palibe mzere wolembedwa womwe ungakwanire chisoti chilichonse. Mmisiri amapala pang'ono, kuyesa, kupalanso, mwina madzulo onse pa khutu limodzi, n'chifukwa chake ogulitsa ena amaika makutu apadera m'katoni. Chodabwitsa n'chakuti zisoti za mu 1976 zinali ndi mipata yoonekera pamenepa, moti khutu lokhala bwino kwambiri likhoza kukhala losalondola. Pomatira, ambiri amakonda guluu wa E6000, yemwe amafuna tsiku lathunthu kuti agwire koma amalola kumatula ngati china chalakwika. Ming'alu imatsekedwa ndi phala lopangidwa posungunula zotsalira za ABS mu acetone, ndipo chidutswa chopindika chimawongoledwa pochiviika m'madzi otentha.

Chisoti cha ABS woyera sichifuna penti thupi lonse. Chimapentedwa pa zigamba zotuwa za m'mbali mwa chipumi, pansi pa maso ndi kumbuyo, zomwe zimazunguliridwa ndi kamzere kakuda, pa kamwa, pa chibwano chakuda, pa timabampu ta m'makutu, ndi pa timizere tabuluu ta m'masaya. Tizitini ta Humbrol tija tikugwirabe ntchito, makamaka nambala 5 yotuwa ndi nambala 14 yabuluu. Pali zomata zosindikizidwa kale za amene akuopa burashi, koma ofuna chisoti cha mu 1977 amalemba pamanja, popeza choyambiriracho chinali ndi mizere yonjenjemera. Ena amapitirira pamenepo: amagula zidutswa za HDPE wobiriwira, kuzipopera penti woyera, n'kumusiya asupuke m'malo omwe anasupuka pa chisoti china chodziwika cha mufilimu. Ofuna msilikali wa m'chipululu amapaka dothi la penti wofiirira n'kupukuta, kusiya litsiro m'makona. M'kati mumaikidwa siponji kapena malamba a chisoti cha kumigodi, kasefa kuseri kwa mano, tifani tiwiri toyendera batire toletsa kagalasi kuchita nthunzi, ndipo ena amawonjezera kachipangizo kokweza mawu.

Zisoti zina zimafuna ntchito yosiyana. Za Darth Vader ndi Boba Fett kawirikawiri zimaumbidwa ndi fibreglass kapena resin m'chikombole cha silicone, ndipo zimatuluka ndi misoko ndi timabowo ta mpweya. Apa mmisiri amagwira ntchito ya wowongola galimoto: kutsuka chidutswa kuti mafuta a m'chikombole achoke, kumata fila, kupala, kupopera andakoti, kuona zolakwika, kumatanso. Sandipepa amayambira wokhakhala, cha pa 120, kukwera mpaka 400, ndipo pofuna kunyezimira kwa Vader amapala ndi madzi mpaka 2000 asanapukute. Boba Fett, yemwe Joe Johnston anamujambula ndipo anayesedwa koyamba mu 1978 ali woyera, ali ndi chisoti chobiriwira chokhala ndi chibonyo pamutu ndi zipsera zambiri. Zipserazo sizijambulidwa pamwamba. Mmisiri amayamba ndi penti wasiliva, amaphimba malo ena ndi madzi a mphira, amapopera mtundu wotsatira, amaphimbanso, mpaka mtundu womaliza. Akamatula mphirayo, mitundu yapansi imaonekera ngati penti wakhala akukalika kwa zaka. Chisoti chonyezimira cha The Mandalorian chimadalira penti wakuda wosalala kwambiri pansi, kenako ufa wa graphite kapena penti wachitsulo wopyapyala pamwamba, ndipo kakanda kalikonse kotsala pansi kamaonekera.

Nyengo ya ku England imavutitsa opopera. M'chinyontho ndi m'chisanu penti amachita mbuu kapena kutuluka wokhakhala, choncho amisiri a m'nyumba zothinana za kum'mawa kwa London, omwe malo awo ogwirira ntchito ndi kashedi kakuseri kapena khonde, amadikira tsiku louma n'kutenthetsa chitini m'madzi ofunda. Penti wa mitundu yosagwirizana akasanjikizidwa amakwinyika, ndipo mankhwala ake ndi kupala n'kuyambiranso. Lamulo la mu 2003 limaletsa kugulitsa penti wopopera kwa mwana wosakwana zaka 16. Choopsa chachikulu ndi fumbi ndi nthunzi: resin, fila ndi fibreglass zikamapalidwa zimatulutsa fumbi losafunika m'mapapo, ndipo kansalu ka pamphuno sikakwanira, pamafunika chophimba chokhala ndi zosefera. Ku Barking nkhani ya fumbi si yongomva. Fakitale ya Cape inatsekedwa mu 1968, koma khansa ya mesothelioma yobwera ndi asbestos inapitiriza kupha ogwira ntchito ndi oyandikana nayo kwa zaka zambiri, ndipo derali lakhala m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri ku Britain. Fumbi la chisoti si asbestos, koma nalonso silipweteka tsiku lomwelo.

M'zaka za m'ma 2000 katoni ya zidutswa inapeza opikisana nayo. Pulogalamu ya ku Japan ya Pepakura inkasandutsa chithunzi cha pakompyuta kukhala tizidutswa ta pepala todula ndi kumata, kenako n'kulimbitsa ndi resin. Okonda masewera a Halo anaigwiritsa ntchito kwambiri. Ena anatembenukira ku thovu la EVA, lopepuka komanso lodulika ndi mpeni. Chosintha kwambiri chinali makina osindikiza zinthu a 3D. Adrian Bowyer wa ku University of Bath anayambitsa ntchito ya RepRap mu 2005, chitetezo chachikulu cha umwini wa njirayi chinatha mu 2009, ndipo mitengo inatsika mpaka makinawo analowa m'nyumba za anthu wamba. Lero munthu amagula fayilo, amaikulitsa molingana ndi mutu wake, n'kusindikiza chisoti kwa masiku angapo. Makinawo sanachotse ntchito ya manja, anangoisuntha: chosindikizidwa chimatuluka ndi timizere tosanjikizana thupi lonse, ndipo kutifafaniza kumadya nthawi yoposa yodulira ABS. Pulasitiki wa PLA, yemwe ndi wosavuta kusindikiza, amafewanso akasiyidwa m'galimoto padzuwa. Pa Stormtrooper wakale, ambiri akukondabe zidutswa zokokedwa ndi mpweya, chifukwa kufewa kwa mizere yake ndi kupindika kwake zimachokera ku njira yomweyo.

Malo oonetsera ntchitoyi ali pomwe kale panali madoko. Royal Docks inatsekedwa mu 1981, ndipo holo ya ExCeL inatsegulidwa m'mbali mwa Royal Victoria Dock mu 2000, m'dera la Newham lomwe likuchita malire ndi Barking pa mtsinje wa Roding. Chionetsero chomwe lero chimatchedwa MCM London Comic Con chinayambira pamenepo mu 2002 ndipo chimachitika kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Okutobala. Star Wars Celebration inachitikira pomwepo mu 2007, 2016 ndi 2023, ndipo Worldcon mu 2014. Wochokera ku Barking amakwera sitima mpaka West Ham, kusintha kupita ku Canning Town, kusinthanso, n'kutsikira ku Custom House. Zisoti zimanyamulidwa m'zikwama, mfuti zoseweretsa zimayenderedwa pakhomo, ndipo malamulo a dzikolo a mfuti zofanizira, omwe anakhwimitsidwa mu 2006, amachititsa ovala kusamala poyenda nazo mumsewu.

Nayo ntchito ya mafilimu yafika m'derali. Mu 2020 khonsolo ya Barking and Dagenham inagwirizana ndi kampani ya Hackman Capital Partners kumanga Eastbrook Studios ku Dagenham, pamalo pomwe panali fakitale ya mankhwala ya May & Baker, ndipo nyumba zina zosungiramo katundu m'mbali mwa Roding ku Barking zinasandutsidwa malo ojambuliramo otchedwa The Wharf. Malo otere amafuna akalipentala, oumba, opanga zikombole ndi openta, maluso omwewo amene wolumikiza chisoti amaphunzira m'shedi. Chisoti chomalizidwa chimafunabe chisamaliro: ABS amasanduka wachikasu akakhalitsa padzuwa, choncho chimasungidwa pamthunzi, chimapukutidwa ndi polishi wa pulasitiki, ndipo chikafiirira ena amachiyeretsa ndi hydrogen peroxide, ngakhale kuti chikasucho chimabwereranso pakapita nthawi.